ZA UMOYO PAKHOMO: Juwisi ndi chipatso chokonola

Mitengo ya mango yayamba kulemera kuno ku Lisasadzi. Pofika Disembala ana adzakhala akuyenda masaya ali natinati, ndipo m'mphepete mwa msewu wa M1 mudzakhala mabeseni a mango odikira galimoto zopita ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Nyengo imeneyi ikamayandikira, ife a dipatimenti ya zaumoyo mumpingo timalandira funso limodzi kawirikawiri, makamaka kuchokera kwa amayi a Dorika: kodi chabwino n'chiti, kudya chipatso kapena kuchifinya n'kumwa madzi ake?

Kale funsoli silinkamveka. Lero juwisi wabwera mwamphamvu. Mauthenga a pa WhatsApp akuyenda foni ndi foni, ena akuti karoti ndi bitiruti zimachapa magazi, ena akuti mukamwa madzi a masamba kwa masiku 10 matenda onse athawa. Msika wa fodya wa Chinkhoma ukatsegulidwa ndalama zimayenda m'dera lino, ngakhale kwa ife osalima fodya, poti ogula soya, mtedza ndi tomato wathu ndi anthu omwewo. Pa zinthu zimene mabanja okhala ndi magetsi kapena sola akuthamangira kugula, bulenda ili m'gulu. Amene alibe amagwiritsa ntchito kamtondo, sefa ndi kansalu koyera. Pa chakudya chamasana cha Sabata zigubu za juwisi tsopano zimafola pambali pa miphika.

Yankho langa ndi lakuti idyani chipatsocho. Juwisi ali ndi malo ake, ndipo ndiwatchula, koma ndi malo aang'ono kuposa amene tamupatsa.

Ife a Adventist taphunzitsidwa kwa zaka zambiri kusiyana kwa mgaiwa ndi ufa woyera. Chimanga chikakonoledwa, madeya amapita kwa nkhuku, ife n'kutsala ndi ufa wooneka bwino m'maso koma wotaya zambiri zimene thupi limafuna. Kufinya chipatso n'kusefa ndi kukonola komweko. Zija zimatsala pa sefa n'kukatayidwa kudzala ndiwo madeya a chipatso. Achipatala amazitcha faiba, ine ndizingoti ulusi, monga uja umatsalira m'mano mukadya mango a kumudzi. Ulusi sugayika m'mimba, n'chifukwa chake anthu amauona ngati wopanda ntchito. Koma ndi umene umachedwetsa shuga kuti asalowe m'magazi nthawi imodzi. Ndi umene umapangitsa munthu kumva kukhuta, umafewetsa chimbudzi kuti tisadzimbidwe, komanso ndi chakudya cha tizilombo tabwino tokhala m'matumbo mwathu.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kuti mudzaze kapu ya mamililita 250 pamafunika malalanje atatu, mwina anayi akakhala aang'ono. Ndani amakhala pansi n'kusenda malalanje anayi n'kuwamaliza nthawi imodzi? Ambirife tikadya awiri timati zakwana. Koma kapu ya madzi ake timaigugudiza osapuma, n'kupempha ina. M'kapu imeneyo muli shuga pafupifupi magalamu 21, omwe ndi timasupuni 5, musanathiremo wa m'paketi ngakhale pang'ono. Lalanje limodzi lili ndi ulusi pafupifupi magalamu 3, koma m'kapu yonseyo mumalowa wosakwana galamu imodzi. Coca-Cola amakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 10 pa mamililita 100 alionse, pamene juwisi wa malalanje amakhala ndi magalamu 8 kapena 9. Sindikunena kuti ziwirizi n'zofanana, ayi. M'juwisi muli vitamini C ndi potaziyamu zimene m'zoziziritsa kukhosi mulibe. Koma pa nkhani ya shuga yokha, ndi pachibale.

Nkhaniyi si yatsopano kwa madokotala. Mu 1977 gulu la madokotala ku Bristol, ku England, linapatsa anthu 10 maapozi m'njira zitatu: athunthu, opera ngati phala, ndi ofinya n'kuchotsa ulusi. Shuga anali wofanana m'zakudya zitatu zonsezo. Anapeza kuti juwisi ankatha msanga ka 11 kuposa maapozi otafuna, ndipo omwa juwisi sankakhuta ngati odya chipatso. Insulini, imene kapamba amatulutsa kuti ichotse shuga m'magazi, inkakwera kwambiri akamwa juwisi, ndipo patapita nthawi shuga wa m'magazi ankatsika kuposa mmene analili asanamwe. Kutsika kumeneko ndi kumene kumabweretsa njala ndi kufooka munthu atangomwa kumene chinthu chokoma. Amene munawerenga buku la Mayi Ellen White la The Ministry of Healing, lomwe linatuluka mu 1905, mukukumbukira kuti limalimbikitsa kudya pang'onopang'ono ndi kutafuna mokwanira. Kapu ya juwisi siipatsa mano ntchito iliyonse.

N'chifukwa chake bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2015, linaika shuga wa m'juwisi m'gulu limodzi ndi shuga wa m'paketi ndi uchi, pamene shuga wa m'chipatso chathunthu silinamuwerengere m'gulu limenelo. Malangizowo akuti munthu wamkulu asapyole timasupuni pafupifupi 12 ta shuga wotere patsiku, ndipo zingakhale bwino koposa atatsika kufika pa 6. Kapu imodzi ya juwisi wa malalanje yatenga kale 5. Phala la m'mawa lija munathiramo angati?

Mu 2013 akatswiri a ku yunivesite ya Harvard ku America anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anatsata anthu oposa 187,000, ambiri mwa iwo anamwino ndi ogwira ntchito zachipatala, kwa zaka zambiri. Oposa 12,000 anadwala matenda a shuga m'zaka zimenezo. Amene ankadya zipatso zathunthu, makamaka maapozi ndi mphesa, chiopsezo chawo chinali chotsika. Amene ankamwa juwisi tsiku ndi tsiku chiopsezo chawo chinali chokwera. Chipatso chimodzimodzi, njira ziwiri, zotsatira zosiyana. Wina anganene kuti amenewo ndi matenda a kunja, a anthu okhuta. Koma kafukufuku amene unduna wa zaumoyo unachita kuno ku Malawi mu 2009 mothandizana ndi WHO anapeza kuti mwa akuluakulu a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo pafupifupi 6 mwa 100 alionse anali ndi matenda a shuga. Ambiri a BP sankadziwa n'komwe. Tikamagawa juwisi pa Sabata, m'mzere wa olandirawo muli anthu otere.

Zonse ndanenazi ndi za juwisi wosathira kanthu, amene kwathu kuno sitimumwa kawirikawiri. Amene timamukonda ndi wa malambe ndi wa bwemba. Malambe ndi chipatso chabwino zedi, chodzaza ndi vitamini C, ndipo poti ufa wake umasungunukira m'madzimo, sataya zambiri ngati lalanje lofinya. Vuto lake ndi kuwawasa. Kuti ndowa ya malambe ikome pakamwa pa anthu, shuga amathiridwa ndi kapu, osati ndi supuni. Ndinamvapo ena akuti palibe vuto poti shuga wa kuno ali ndi vitamini A. N'zoona kuti kuyambira mu 2012 shuga wopangidwa m'dziko muno amaikidwa vitamini ameneyu, koma cholinga chinali chakuti shuga wochepa amene anthu amadya kale awapindulire, osati kuti tiwonjezere. Vitamini A yemweyo thupi limamupeza kuchokera ku mango, papaya, maungu, mbatata yofiira m'kati ndi masamba obiriwira. Yesani kuchepetsa shuga wa m'malambe pang'onopang'ono, sabata ndi sabata. Lilime limazolowera. Ena amaponderamo nthochi yakupsa kwambiri m'malo mwa gawo la shugayo, ndipo zimakoma ndithu.

Pali chisokonezo china pa dzina lenilenilo. Kuno chilichonse chamtundu, chotsekemera, chopanda mpweya timachitcha juwisi: zosungunula ndi madzi monga Sobo, zaufa za m'timapaketi, ngakhale mafilizesi amene ana amagula pa sukulu. Zambiri mwa izi mbali yake yaikulu ndi madzi, zotsekemeretsa, mtundu ndi fungo. Opanga amalemba pa botolo zimene zili m'kati, ife ndi amene sitiwerenga, timangoona chithunzi cha lalanje. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ngati pa paketi sanalembe kuti 100% ya chipatso, musamupatse wodwala n'kumati mwamupatsa zipatso.

Kwa ana ndiye ndifuna tinene mosabisa. Mwana wosakwana miyezi 6 chakudya chake ndi bere lokha, monga amatiuzira kusikelo. Bungwe la madokotala a ana la ku America, m'malangizo ake a 2017, linati mwana asapatsidwe juwisi mpaka atakwanitsa chaka chimodzi, ndipo wa chaka chimodzi mpaka zitatu asapyole mamililita 120 patsiku, yomwe ndi theka la kapu. Zifukwa zake zilipo zingapo. Kamimba ka mwana n'kakang'ono. Kakadzaza madzi otsekemera, phala la soya ndi nsinjiro limakanidwa, ndipo mwana amene akuoneka kuti akumwa zabwino amayamba kutsika sikelo. Mano nawo amavutika, makamaka juwisi akaikidwa m'botolo kuti mwana aziyamwa tsiku lonse kapena pogona. Shuga ndi asidi zikamakhala pa mano nthawi yaitali, mano akutsogolo amayamba kuda n'kubooka mwana asanayambe sukulu. Ndipo mwana akatsegula m'mimba, juwisi wotsekemera amawonjezera kutsegulako chifukwa shuga wambiri amakokera madzi m'matumbo. Pamenepo chofunika ndi Thanzi ORS, mapiritsi a zinki ochokera kuchipatala, kupitiriza kuyamwitsa ndi kudyetsa. Mwana woyamba kudya mupondereni nthochi, papaya, peyala kapena mango akupsa ndi supuni. N'zofewa kale, sizifuna kusefa.

Tsopano ndifike pa nkhani imene imandidetsa nkhawa kuposa zonse, ya kusala chakudya n'kumangomwa juwisi kwa masiku angapo pofuna kuchapa thupi. Chiphunzitso chimenechi chimalowa mosavuta pakati pathu chifukwa chimavala zovala za uthenga wa zaumoyo, ndipo ochiphunzitsa ena ndi abale oona mtima. Koma ntchito yochotsa zoipa m'magazi Mulungu anaipereka kwa chiwindi ndi impso, ndipo zimagwira usana ndi usiku. Palibe kafukufuku wodalirika amene anasonyeza kuti juwisi amachotsa poizoni amene ziwalo zimenezi zalephera kuchotsa. Munthu amapepukadi akamangomwa juwisi kwa sabata, koma chimene chachoka kwambiri ndi madzi ndi minofu, pakuti m'juwisi mulibe zomanga thupi zokwanira, ndipo akayambanso kudya thupi limabwerera pomwe linali. Ena amatchula Danieli. Werenganinso chaputala 1 cha buku lake: kwa masiku 10 aja iye ndi anzake anapempha zakudya za kumunda, zotafuna, ndipo chakumwa chawo chinali madzi.

Kwa munthu wamphamvu, sabata yotere ingangomusiya ndi mutu ndi chizungulire. Kwa amene akumwa mankhwala ndi nkhani ina. Wodwala shuga amene amamwa glibenclamide kapena kubaya insulini akasiya nsima n'kumangomwa madzi a masamba, shuga angathe kutsika mpaka kukomoka. Akamamwa a zipatso okhaokha, shuga amakwera n'kutsika ngati chikepe. Choopsa koposa ndi pamene wina wauzidwa kuti aike pambali mankhwala a BP, a khunyu kapena ma ARV kuti juwisi agwire bwino ntchito. Abale ndi alongo, musalole zimenezo, ngakhale wonenayo atanyamula Baibulo. Mankhwala amene munalandira kuchipatala wosintha ndi wachipatala.

Chimodzimodzi ndi khansa. Maganizo akuti juwisi amachiza khansa anafala kwambiri kudzera mwa dokotala wa ku Germany, Max Gerson, amene anamwalira mu 1959. Njira yake imafuna kuti wodwala azimwa makapu 13 a juwisi patsiku. Papita zaka zambiri, ndipo mabungwe ofufuza za khansa monga Cancer Research UK amanena poyera kuti palibe umboni wodalirika wakuti njirayi imachiza. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri, chonsecho ikapezeka msanga imathandizika. Miyezi imene mayi angataye akufinya karoti kunyumba ndi miyezi imene chotupa chikukula. Wodwala khansa amene sakutha kudya angamwe juwisi kuti apeze mphamvu, zimenezo n'zabwino, koma akhale akulandiranso thandizo lakuchipatala.

Pali chipatso chimodzi chimene omwa mankhwala ayenera kuchidziwa ndi dzina: manyumwa. Mu 1989 wofufuza wina wa ku Canada, David Bailey, anazindikira mwangozi kuti madzi a manyumwa amachulukitsa mankhwala ena m'magazi. Iye ankangofuna chakumwa chobisa kukoma kwa chinthu china pa kafukufuku wa mankhwala a BP, n'kudabwa kuona mankhwalawo atakwera kwambiri m'magazi a anthu ake. Manyumwa amatseka njira imene matumbo amaphwanyira mankhwala ena, choncho piritsi limodzi limagwira ngati mwamwa angapo. Ena mwa mankhwala okhudzidwa ndi nifedipine wa BP, simvastatin wa mafuta a m'magazi ndi carbamazepine wa khunyu. Mphamvu ya kapu imodzi imatha kukhala m'thupi kupitirira tsiku lathunthu, choncho kumwa juwisi m'mawa ndi piritsi madzulo sikuthetsa vutolo. Malalanje otsekemera ndi manachesi alibe vuto limeneli.

Nanga juwisi wa masamba? Shuga wake ndi wochepa, ndipo pamenepo amaposa wa zipatso. Koma si masamba onse amene angadyedwe osaphika. Chigwada chili ndi poizoni wa sayanaidi. Makolo athu sankadziwa dzina limeneli, koma ankadziwa kuti chigwada chimasinjidwa n'kuphikidwa nthawi yaitali, ndipo chinangwa chowawa chimaviikidwa masiku angapo. Mu 1981, pa nthawi ya chilala, anthu oposa 1,000 m'chigawo cha Nampula ku Mozambique anapuwala miyendo chifukwa chodya chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira. Chigwada chosaphika chisalowe mu bulenda, ngakhale tsamba limodzi.

Bonongwe, sipinachi ndi bitiruti zili ndi mchere wina wotchedwa okizaleti. Pa mbale ya ndiwo zophika palibe chodetsa nkhawa, ndipo bonongwe ndi ndiwo zabwino kwambiri. Koma kuti mupeze kapu imodzi ya madzi ake mumafunika mulu wa masamba amene banja lonse likanadyera nsima, ndipo mukamamwa makapu angapo tsiku ndi tsiku mcherewo umaunjikana mu impso. Umatha kupanga timiyala, ndipo madokotala analembapo za anthu amene impso zawo zinaonongeka atatsatira ndondomeko zotere za juwisi wobiriwira. Amene ali pa chiopsezo chachikulu ndi omwe impso zawo zafooka kale, monga odwala shuga ndi BP kwa zaka zambiri, omwenso ndi amene amauzidwa kawirikawiri kuti amwe. Impso zikaima, wodwala wa kuno amayenera kukalumikizidwa ku makina osefa magazi ku Kamuzu Central ku Lilongwe kangapo pa sabata. Tonse tikudziwa kuti ndi mabanja angati a kuno angakwanitse maulendo amenewo.

Bitiruti ali ndi mbiri yakuti amawonjezera magazi. Ndikuganiza kuti mbiriyi inachokera ku mtundu wake wofiira. Ayironi, amene thupi limapangira magazi, ndi wochepa m'bitiruti, wosakwana miligalamu imodzi pa magalamu 100. Nyemba, nandolo, khobwe, soya ndi bonongwe wophika zili ndi wambiri kuposa pamenepo. Mayi woyembekezera amene wauzidwa kuti magazi achepa amwe mapiritsi amene walandira kusikelo, ndipo afufuzidwe malungo ndi njoka za m'mimba. Chimene bitiruti amachitadi n'china. Mu 2015 ofufuza a ku Queen Mary University ku London anayesa anthu 64 a BP, ndipo amene ankamwa mamililita 250 a juwisi wa bitiruti tsiku lililonse kwa masabata anayi BP yawo inatsika ndi manambala pafupifupi 8 pamwamba ndi 4 pansi. Atasiya kumwa inabwerera. Ndi thandizo lenileni, koma laling'ono ndiponso losakhalitsa, lothandizira mankhwala ndi kuchepetsa mchere, osati kulowa m'malo mwake. Mukamwa bitiruti n'kuona mkodzo wofiirira musachite mantha, ndi mtundu wake chabe.

Chinthu china chimene sitichiganizira kwenikweni ndi chakuti juwisi saphikidwa. Ndiwo zikakhala ndi tizilombo, moto umapha. Juwisi amatenga chilichonse chimene chinali pa khungu la chipatso, m'manja mwa wofinya, pa sefa ndi m'madzi osungunulira, n'kuchipereka kwa anthu makumi angapo nthawi imodzi. Sitinaiwale kolera amene anayamba ku Machinga mu Malichi 2022 n'kufalikira dziko lonse, kudwalitsa anthu pafupifupi 59,000 ndi kupha oposa 1,700. Nyengo ya mango ndi nyengo yomweyo ya mvula, pamene zitsime zosatetezedwa zimalowa madzi oyenda. Madzi opangira juwisi akhale owiritsa kapena othira kolorini, ndipo otsukira zipatso akhalenso otero. Mango otola pansi, pomwe pamayenda mbuzi ndi nkhuku, atsukidwe bwino asanasendedwe. Masamba a kudimba amene apoperedwa mankhwala adikire masiku amene alembedwa pa botolo asanathyoledwe. Kuno kwathu, kumene mankhwala a fodya amapezeka nyumba zambiri, tifunse amene tikuwagula masamba kuti anapopera chiyani, makamaka ngati tikufuna kudya osaphika.

Ife osunga Sabata tili ndi vuto lathulathu. Timakonza zakudya Lachisanu dzuwa lisanalowe. Juwisi wofinyidwa Lachisanu masana n'kumwedwa Sabata itatha sevisi wakhala m'chigubu pafupifupi tsiku lathunthu, m'kutentha kwa Novembala, nyumba zambiri zopanda filiji. Tizilombo timachulukana msanga m'madzi otsekemera ofunda. Komanso juwisi amayamba kusasa yekha. Chigubu chikatupa, chikachita phokoso potsegula, kapena pamwamba pakaoneka thovu, ndiye kuti shuga wayamba kusanduka mowa. Vutoli ndi lakale m'mipingo yosamwa zoledzeretsa. Mu 1869 Thomas Welch, wa mpingo wa Methodist ku New Jersey, anayamba kutenthetsa madzi a mphesa m'mabotolo otseka kuti asasase, pofuna chakumwa cha pa Mgonero chopanda mowa. Amene muli ndi filiji, ikani juwisi mukangofinya ndipo mumwe tsiku lotsatira lisanathe. Amene mulibe, nyamulani dengu la zipatso zotsuka ndi mpeni. Nthochi, mango ndi manachesi zinabwera ndi chivundikiro chake, sizisasa usiku umodzi, ndipo zimakuchotserani ntchito imodzi pa Lachisanu lotanganidwa kale.

Ndinalonjeza kutchula malo a juwisi. Wodwala amene ali ndi zilonda m'kamwa kapena sakufuna chakudya, juwisi watsopano amamupatsa madzi ndi mphamvu pang'ono pamene akuchira. Agogo amene mano anatha angathandizike, ngakhale kuti kwa iwo chipatso chopondaponda ndi chabwino kuposa chosefa. Wodwala shuga amene wayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kuona chizungulire chifukwa shuga watsika, theka la kapu ya juwisi limamudzutsa msanga, pa chifukwa chomwecho chimene timamuletsera masiku ena onse. Koma akakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, thamangirani naye kuchipatala. Ndipo kwa ife amene sitidya nyama kawirikawiri, vitamini C amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba. Kufinyira ndimu pa ndiwo zitaphulidwa, kapena kudya gwafa mukatha nsima ya nyemba, kumagwira ntchito imeneyi. Gwafa ali ndi vitamini C wochuluka pafupifupi kanayi kuposa lalanje, chonsecho m'miyezi yake amangowolera pansi.

Amene mwagula kale bulenda musaitaye. Bulenda imapera chipatso chonse, ulusi umakhala momwemo, bola musasefe pambuyo pake. Perani papaya ndi nthochi, kapena mango ndi mkaka wa soya, mumwe zokhuthala choncho, pang'onopang'ono, limodzi ndi chakudya osati pamimba yopanda kanthu. Ku Britain alangizi a zaumoyo amati juwisi ndi zopera zonse pamodzi zisapyole mamililita 150 patsiku, ndipo ngakhale mutamwa zambiri bwanji amaziwerengera ngati gawo limodzi lokha la zipatso ndi masamba a tsikulo. Mamililita 150 ndi kapu yaing'ono yosadzaza. WHO imalimbikitsa magalamu osachepera 400 a zipatso ndi masamba patsiku, ndipo ambiri mwa amenewo ayenera kudutsa m'mano. Mukamwa zowawasa monga malambe, bwemba kapena mandimu, chukuchani m'kamwa ndi madzi ndipo dikirani pafupifupi mphindi 30 musanatsuke mano, chifukwa asidi amafewetsa chikuto cha dzino ndipo mswachi umachipala. Amene mwapyola zaka 40, kapena kwanu kuli odwala shuga, kayezetseni shuga ndi BP ku chipatala cha boma cha Kasungu kapena kuchipatala chaching'ono chapafupi musanazolowere kapu ya tsiku ndi tsiku.

Amayi ena amandiyankha kuti amafinya chifukwa mango amapsa onse nthawi imodzi ndipo amangoonongeka. N'zoona, koma juwisi sasunga mango, amangowonjezera tsiku limodzi. Njira imene imasungadi ndi ija timachitira mfutso. Sankhani mango akupsa koma olimba, sendani, dulani tizidutswa topyapyala, yalani pa thandala lokwera, n'kuphimba ndi neti yoyera yosanyikidwa m'mankhwala kuti ntchentche zisatere. Oyamba kupsa, mvula isanakhazikike, amauma m'masiku ochepa. A m'kati mwa dzinja amafuna choumitsira chofoleredwa ndi pulasitiki yoonekera, ndipo alangizi a zaulimi a m'dera lathu la Lisasadzi ndi oyenera kuwafunsa kamangidwe kake. Zikauma mpaka kupindika osatuluka madzi, sungani m'botolo louma lotseka bwino. Ulusi wonse umakhala momwemo, koma shuga amakhala wothinana, choncho kadzanja kamodzi n'kokwanira mwana wopita kusukulu mu Juni. Anansi akakubwerekani chigafa kuti muyanikemo pothawa mvula, thokozani koma kanani ngati munakhalapo fodya, chifukwa fumbi ndi fungo lake zimakakamira pa chakudya.